Triza wa Chitoliro cha Paipi

Taganizirani m'mawa wa tsiku wamba la mwezi wa June pa Mkanda. Kunja kukuzizira ndipo fumbi silinayambe kuuluka. Njinga zikudutsa pamsewu, zina zanyamula matumba a mtedza, zina ana a sukulu awiriawiri. Pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi msika, bambo Enoki atembenuza kale njinga ya munthu, matayala kumwamba, akuwongola limu ya tayala. Kuseri kwa kashedi kawo kukufuka kautsi. Mbaula yayaka, ndipo m'makala mwazikidwa sipoko yakale kuti ifiire. Amene wakhala pambali pa mbaulayo ndi mwana wawo wamkazi, Triza, ndipo pamiyendo pake pali chidutswa cha paipi ya madzi chotalika ngati mkono. Sipoko ikafiira, amaboola nayo paipiyo, amauzira, amapendeketsa mutu kumvetsera, kenaka amakuza bowolo pang'ono. Fungo la pulasitiki wopsa limafika mpaka kwa amayi ogulitsa mandasi, amene amadandaula koma osamuthamangitsa.

Umu ndi mmene Triza amapangira zitoliro zake mpaka lero akabwera kumudzi, ngakhale kuti tsopano ali ndi china chachitsulo chonyezimira chimene chimagona m'kabokosi kake.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno, ndipo Lamulungu ndimaimba besi m'kwaya ya tchalitchi chathu. Triza ndinamuphunzitsa Sitandade 5 ndi 6, monga ndinaphunzitsiranso mchimwene wake Greyson zaka zingapo m'mbuyo mwake. Sindingathe kufotokoza za mmodzi osatchula mnzake, chifukwa njira ya Triza inadutsa pamtima pa Greyson, ndipo inasiyapo mkwasa.

Woyamba kudziwika anali Greyson. Ali mnyamata wa Sitandade 7 ankatsogolera kale nyimbo pa asembule. Tchalitchi chitagula kiyibodi yakale kwa dalaivala wina wa thiraki wa ku boda ya Zambia, palibe amene ankadziwa poyambira. Greyson anakhala nayo masana aliwonse mpaka inayamba kumumvera. Magetsi kutchalitchi kulibe, choncho kiyibodiyo imayendera batire la galimoto, ndipo wolinyamula pa njinga kukalitchajitsa anali iye yemwe. Asanakwanitse zaka makumi awiri anamusankha kukhala mphunzitsi wa kwaya. Ankapeka nyimbo zothamanga, zovinitsa ngakhale akuluampingo. Munthu akanena kuti "mwana wa a Enoki woimba uja," aliyense ankadziwa kuti akunena Greyson.

Pali kanthu kamodzi ka oimba kiyibodi a kumidzi kuno kamene muyenera kukadziwa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ambiri sanaphunzitsidwe ndi munthu. Zala zawo zinazolowera malo amodzi, ndipo nyimbo iliyonse amaiimbira pamalo omwewo. Kwaya ikafuna kuti nyimbo ikwere kapena itsike, woimbayo sasuntha zala. Amangodina kabatani kena kapambali, ndiye kiyibodi yonse imakwera kapena kutsika yokha. Chitoliro cha paipi chilibe kabatani. Pamene unaboola mabowo ndi pamene mawu ake adzakhale mpaka chidzathyoke.

Triza anayamba ndi phesi la papaya. Tsiku lina ndinauza ana kuti aliyense abweretse choimbira chopanga yekha. Kunabwera zisekese, ng'oma za zitini, magitala a zigubu. Triza, kamtsikana kofatsa kokhala pafupi ndi zenera, anabweretsa phesi lobooledwa ndi minga, ndipo anaimba nalo nyimbo ya kutchalitchi yonse osaphonya. Anyamata anaseka kuti chitoliro n'cha abusa a ng'ombe, osati atsikana. Mawa lake phesi lija linali litafota, ndipo analira. Anayesa nsungwi, inang'aluka. Amene anatola chidutswa cha paipi kumene ankakonza mjigo, n'kuyatsa mbaula, n'kumuboolera mabowo kuti mlongo wake asapse, anali Greyson. Anapsa ndi iye, pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, ndipo chipseracho chilipobe.

Poyamba ankanyadira. Ankamuimitsa pambali pa kiyibodi kuti azimutsatira, ndipo anthu akaombera m'manja, Greyson ankawerama ngati manjawo ndi ake. Zinayamba kusintha pa Khirisimasi ina, Triza ali Fomu 2 kusekondale yoyendera. Pa nthawi ya zopereka anaimba yekha kanyimbo kodekha kamene anapeka akuchokera kumunda. Titatuluka, mdala wina wa ku Mlonyeni amene anabwera kudzacheza anandigwira mkono, Greyson ali pomwepo akumanga batire pa kaliyala.

"Aphunzitsi, mwana wa a Enoki woimba uja ndi uti? Ndikufuna ndimugwire chanza."

Greyson anasiya chingwe, anapukuta dzanja pa buluku, n'kuyandikira akumwetulira.

"Ayi, osati inu, bambo," anatero mdala uja mwaulemu wonse. "Wachitoliro uja."

Greyson anabwerera ku njinga yake. Anamanga batire lija mfundo zambiri kuposa zofunika.

Atalemba mayeso a Fomu 4, Triza anapita ku boda kukathandiza azakhali ake ogulitsa zitenje. Kumeneko mathiraki amandandalika mzere wautali kudikira mapepala, ndipo masana malonda akazizira, iye ankakhala pamthunzi wa thiraki n'kumauzira chitoliro. Anandiuza kuti nyimbo zake zambiri zinabadwira pamenepo. Ankamvetsera mmene amayi a ku Zambia amaitanira malonda, mmene mawu awo amakwerera kumapeto, n'kumawatsanzira ndi paipi yake. Madalaivala ankamuseka kuti akuitana njoka, koma ankamugulira zakumwa kuti asasiye. Mmodzi anamujambula pa foni, ndipo kanyimboko kanayenda foni ndi foni mpaka kanafika pa Mkanda.

Greyson nthawi imeneyo ankapalasa kabaza akaweruka kumunda wa fodya. Tsiku lina ananyamula mayi wina wamalonda, ndipo ali m'njira mayiyo anatsegula foni yake.

"Achimwene, mukumudziwa mtsikana ameneyu? Akuti kwawo n'konkuno."

"Ndimangomuona," anayankha Greyson, n'kupalasa mwamphamvu.

Zimenezi anandiuza yekha. Anabwera kusukulu ana ataweruka, ine ndikufufuta bolodi, n'kukhala pa desiki yaing'ono mawondo ali m'mwamba.

"Aphunzitsi, mundiuze zoona. Kodi chitoliro ndi chida cha m'tchalitchi?"

"Nanga kiyibodi yako ija, yogula kwa dalaivala, inabadwira m'tchalitchi?"

Sanaseke. "Inu mukudziwa mmene ndimavutikira. Batire ndinyamule ine. Mawaya akaduka ndilumikize ine. Azibambo a besi osamva aja ndilimbane nawo ine, kupatula inuyo. Triza angobwera ndi kapaipi ka pa mjigo, fyee, fyee, azimayi ayamba kupukuta misozi. Ine ndinaliritsapo ndani?"

"Iwe umavinitsa. Si ntchito yaing'ono."

"Kuvina amaiwala akafika kunyumba." Anatambasula dzanja kundionetsa chala chija. "Anamuboolera chitoliro choyamba ndani? Onani apa."

"Ndikuchiona, mwana wanga."

"Anthu sakuchiona. Pamsika pano tsopano ndine achimwene ake a Triza. Ine, amene ndinayamba."

Ndinamuuza zimene mphunzitsi amauza mwana, kuti m'nyumba imodzi mukhoza kuyaka nyale ziwiri. Anavomera ndi mutu monga ankachitira m'kalasi akakhala kuti sanamve kanthu. Ndakhala ndi ana zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti nsanje yopweteka kwambiri si ya kwa mlendo. Ndi ya kwa amene unamugwira dzanja pophunzira kuyenda.

Chaka chotsatira Triza anabwerera kudzathandiza kukolola, ndipo m'nyengo yomweyo kunamveka uthenga. Bambo Eneya, mwana wa ku Kapondo amene ali ndi situdiyo yaing'ono ku Lilongwe, ankafuna kutulutsa chimbale cha makwaya a dera lathu. Makwaya adzasonkhane pa bwalo la mpira ku Kapondo, iliyonse idzaimbe nyimbo ziwiri zatsopano, ndipo bambo Eneya adzasankhepo imodzi pa kwaya iliyonse yoti ikajambulidwe. Imodzi yokha, ndi dzina la woipeka.

Greyson anali nazo kale ziwiri. Koma pa msonkhano wa kwaya anaimirira mayi Keziya, wapampando wathu, mzimayi wamfupi wa mawu aakulu amene amatsogolera aluto kuyambira Greyson asanabadwe.

"Imodzi ikhale ya aphunzitsi a kwaya," anatero. "Inayo tiimbe ya Triza ija, ya munda."

Nyimboyo tinali titaimvapo kamodzi. Mawu ake ndi ochepa: "Munda si wanga, ndinangobwereka. Mwini akadza, ndidzamuonetsa manja."

Greyson anati alibe nazo vuto, koma anatikumbutsa mwambo. Kuno nyimbo ya kwaya imatchulidwa ndi dzina la mphunzitsi wa kwaya, kaya anabweretsa ndani, chifukwa ndi iye amaikonza ndi kuigawa mawu. Zinalidi choncho kuyambira kale.

"Nkhuku ikaikira m'khola mwanu, dzira ndi lanu, sitikukana," anayankha mayi Keziya. "Koma musatiuze kuti mwaikira ndinu."

Anthu anaseka, ndipo nkhani ya dzina inasiyidwa m'malere. Triza anali atakhala kumbuyo, akuyang'ana pansi. Sabata yomweyo anapanga chitoliro chatsopano cha nyimbo imeneyo. Anachiboola mofanana ndendende ndi mawu a kiyibodi pamene imakhala ikangoyatsidwa, pomwenso Greyson ankaimbira nyimbo yake, kuti pakati pa nyimbo ziwirizo achimwene ake asadzavutike kudina chilichonse. Anayesa limodzi kamodzi, ndipo zinagwirizana bwino lomwe.

Kamodzi komweko. Kuchokera pamenepo batire linayamba matenda. Tikakumana kutchalitchi, tinkayamba ndi nyimbo ya Greyson, kuibwereza mpaka kukhosi kuuma. Ikafika nthawi ya nyimbo ya munda, Greyson ankagwada, n'kugwiragwira mawaya, n'kudzuka akupukusa mutu.

"Batire latha."

"Batire limeneli lili ndi makutu," anatero mayi Keziya tsiku lina. "Limadziwa nyimbo."

"Mukaligule latsopano, amayi, ngati mukuona ngati ndikunama."

Mayi Keziya sanakangane naye. Anangouza azimayi kuti azibwera kwawo masana kudzathandiza kuthothola mtedza, ndipo Triza azibwera ndi chitoliro. Ndinadutsako kangapo pochokera kusukulu. Ankakhala mozungulira mulu wa mtedza, miyendo yotambasula, zala zikugwira ntchito. Popeza panalibe kiyibodi yowapatsa poyambira, mayi Keziya ankangokweza nsidze, Triza n'kuuzira mzere woyamba yekha, azimayi n'kulowa pambuyo pake. Anaimba choncho mpaka mtedza wa mayi Keziya unatha, n'kusamukira kwa wina. Nyimbo inalowa m'matupi mwawo limodzi ndi fumbi la mtedza. Ife azibambo tinangoiphunzirira pamwamba, Loweruka lina. Greyson sanapondeko. Ankati nyimbo ya mizere iwiri safunika kuiyeserera.

Tsiku la msonkhano tinanyamuka m'mawa pa njinga, mayunifolomu ali m'majumbo kuopa fumbi. Kiyibodi inakulungidwa m'bulangete, batire lotchajidwa bwino lili pa kaliyala wa Greyson. Triza ananyamula chitoliro chimodzi chokha, atachikulunga m'kansalu. Ku Kapondo tinapeza anthu atadzaza bwalo, ogulitsa nzimbe ndi mbatata yootcha ali m'mbali. Bambo Eneya anakhala pa tebulo pansi pa mtengo, zomvera zili m'makutu.

Nthawi yathu inafika dzuwa litapendeka. Tinayamba ndi nyimbo ya Greyson, ndipo ndinene mosabisa, inali yabwino. Kiyibodi inagunda ng'oma zake, ife tinaponda pansi, fumbi linakwera, nthungululu zinamveka mbali zonse. Bambo Eneya ankagwedeza phazi. Greyson anamaliza nkhope ikuwala thukuta ndi chimwemwe, ndipo ndinaganiza kuti mwina zimenezi zimukwanira.

Malo anga oimirira ali kumbuyo, pafupi ndi kiyibodi. Anthu akuomberabe m'manja, ndinaona chala chake chachipsera chija chikupita pambali n'kudina kabatani. Sanayang'ane aliyense.

Ndinamvetsa pomwepo zimene ankafuna. Nyimbo zonse za kwaya zimayamba ndi kiyibodi. Oimba amatenga mawu pamenepo. Akanayamba iye, tonse tikanakwera naye osadziwa, ndipo chitoliro polowa chikanamveka chotsalira pansi, chosokosera, ngati cha mwana wosewera. Anthu akanati paipi ndi paipi basi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane, koma nthawi inali itatha. Greyson anali atakweza kale manja kuti ayambe.

Chimene sankadziwa n'chakuti nyimbo imeneyi sinkayambanso ndi kiyibodi. Mayi Keziya, mwa chizolowezi cha pa mtedza paja, anakweza nsidze. Triza anauzira.

Mzere woyamba uja unatuluka wokha, wowongoka, n'kukwera pang'ono kumapeto ngati mayi woitana mwana kumunda. Azimayi analowa mofewa, "Munda si wanga," ndipo manja a Greyson anali akadali m'mwamba.

Akanatha kubweza kabatani kaja. Nthawi inalipo, ndime yonse yoyamba. Ndinaona chala chikubwerera komweko n'kuima m'malere. Kenaka anadzutsa maso. Anaona mayi wogulitsa nzimbe ataimitsa mpeni. Anaona bambo Eneya, amene pa nyimbo yake ankangogwedeza phazi, atachotsa zomvera m'makutu n'kuweramira kutsogolo. Nkhope ya Greyson inauma ngati ya munthu amene dzino likumuwawa. Anabweza chala osadina, anakweza voliyumu, n'kugwetsa manja onse awiri pa kiyibodi.

Phokoso lake sindikufuna kulikumbukira. Mawu awiri oyandikana koma osagwirizana amapweteka kuposa otalikirana. Ana anatseka makutu. Ife a besi ndi a tena, amene nyimboyi tinkaidziwa mwapamwamba, tinayamba kutsetsereka kutsatira kiyibodi, monga Greyson ankayembekezera. Koma azimayi sanasunthe. Nyimbo anaiphunzira kwa chitoliro, ndipo anakakamira pa chitoliro. Triza anatsinzina, n'kupitiriza kuuzira. Kwaya inang'ambika pakati, ndipo tikanapitirira choncho mzere wina umodzi, bambo Eneya akanatiimitsa.

Mayi Keziya sanasiye kuimba. Anayamba kuvina chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, ngati ndi mbali ya nyimbo. Atafika pafupi ndi kiyibodi anawerama ngati akukonza chitenje, n'kuzula waya pa batire.

Kiyibodi inazima. Munthu wina m'khamu anafuula kuti, "Batire latha!" ndipo anthu anaseka mwachifundo, chifukwa aliyense kuno amadziwa mavuto a batire. Ife azibambo tinapeza njira yobwerera. Nyimbo inapitirira ndi mawu a anthu ndi chitoliro basi, ndipo pofika pa "ndidzamuonetsa manja," azimayi anatambasula zikhatho zawo zokhakhala ndi mtedza. Panalibe amene anawauza kutero. Itatha, bwalo lonse linaomba m'manja.

Greyson anakhala nthawi yonseyo manja ali pa mawondo.

Makwaya onse atamaliza, bambo Eneya anabwera pamene tinkalongedza.

"A Mkanda, ndatenga yachiwiri ija," anatero. "Ndipo mudzaiimbe mmene munathera muja, popanda kiyibodi. Batire lanu lakuchitirani zabwino lero. Yoyamba ija ndi yokoma, mphunzitsi, koma zotero ndili nazo kale zambiri. Wapeka yachiwiriyi ndani?"

Mwa mwambo, yankho linali Greyson, ndipo nkhani ija sitinaimalize. Mayi Keziya anapinda manja. Triza ankakulunga chitoliro chake m'kansalu, n'kumasula, n'kukulunganso. Tonse tinayang'ana Greyson, amene ankapinda waya pa chigongono. Anapinda mpaka waya unatha.

"Mlongo wanga," anatero osadzutsa mutu. "Triza Enoki." Bambo Eneya atatembenuka kuti amugwire chanza Triza, Greyson anawonjezera mokweza, "Koma chitoliro choyamba ndinamuboolera ndine."

"Mwachita bwino," anayankha bambo Eneya, maso ali kwa Triza.

Pobwerera tinafika pa chitunda china pamene aliyense amatsika n'kukankha njinga. Ndinali kumbuyo kwa awiriwo. Tili pakati pa chitundacho, Triza anamuyandikira Greyson.

"Achimwene, tikafika mukabweze kabatani kaja. Tingadzachite manyazi Lamulungu."

Greyson anapitiriza kukankha njinga. Kenaka anati, "Ikazima kamabwerera kokha."

"Chabwino."

"Wauza amayi Keziya za kabataniko ndiwe?"

"Amayi Keziya ali ndi makutu awo."

"Ndiye ukauza abambo?"

"Ndikawauza kuti batire linatha. Si mmene anthu onse aonera?" Anagwira kaliyala kumbuyo n'kuyamba kumuthandiza kukankha, poti batire ndi lolemera. Greyson anati asiye, akwanitsa yekha. Triza sanasiye, ndipo iye sanabwerezenso.

Sanakambiranenso za tsikulo, mmene ndikudziwira ine. Kwaya inapita ku Lilongwe mwezi wotsatira. Greyson anapita nawo monga mphunzitsi wa kwaya, anaimika anthu m'mizere, anakonza a besi, kenaka anakakhala panja pa situdiyo nyimbo ikujambulidwa.

Kuchokera pamenepo njira ya Triza inatseguka, ngakhale sinali yosalala. Bambo Eneya anamuitana kuti azikaimba chitoliro m'nyimbo za anthu ena. Anakhala kwa msuweni wake ku Lilongwe, m'chipinda chimodzi ndi ana, ndipo ankayeserera kuseri kwa nyumba anthu oyandikana nawo akudandaula. Chitoliro chachitsulo anachipeza chogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo chinamuvuta miyezi yambiri chifukwa zala zake zinazolowera mabowo, osati timabatani. Mayi wina woimba limba m'tchalitchi cha m'tauni anamuphunzitsa kulemba nyimbo pa mizere, kuwonjezera pa do re mi amene ndinamuphunzitsa ine. Tsopano amapekera makwaya, maukwati ndi masewero a pa wailesi. Anaitanidwapo kukaimba ku Chipata, ndipo akuti madalaivala ena a pa boda paja anamuzindikira n'kumufunsa ngati njoka zija zinabwera. M'nyimbo zake zambiri amasakaniza zitoliro ziwirizo, chachitsulo ndi cha paipi, chifukwa akuti cha paipi chili ndi mpweya wa munthu.

Nyengo yokolola amabwera. Amakhala kuseri kwa shedi ya bambo ake ndi mbaula, ndipo masana ena amadzaphunzitsa ana a m'kalasi mwanga kuboola mapaipi. Atsikana ndi amene amachuluka, ndipo palibenso amene amatchula abusa a ng'ombe.

Ndikanakonda kunena kuti nsanje ya Greyson inatha, koma ndimaphunzitsa ana kuti asaname. Akadali mphunzitsi wa kwaya yathu, anakwatira, ndipo nyimbo zake zimativinitsabe. Ndi bambo wabwino kwa ana ake. Koma nyimbo ya munda ikamveka pa wailesi kometera tsitsi, iye amapeza chonena. Mwina besi inachepa, mwina anaithamangitsa. Mlendo akatamanda Triza, Greyson amavomera, kenaka amatambasula chala chija. Chaka chatha Triza anamupempha kuti adzaimbe kiyibodi m'nyimbo yake yatsopano, dzina la Greyson lidzalembedwe pambali pa lake. Greyson anati aganizira. Ndinamufunsa posachedwa ngati waganiza.

"Aphunzitsi, akufuna andithandize," anatero. "Ine sindinapemphe thandizo."

"Mwina akungofuna woimba kiyibodi wabwino."

"Ku Lilongwe oimba kiyibodi atha?"

Ndinaona kuti funsolo linamusangalatsa pang'ono ngakhale analifunsa mokwiya, ndipo ndinamusiya. Ana ena amamva phunziro tsiku lomwelo, ena limawapeza atakula. Ndinamva kwa bambo Enoki kuti masiku ano Greyson akakhala yekha kutchalitchi amayeserera kuimba nyimbo pa malo ena a zala, osadina kabatani. Akafunsidwa amati akungoyesa ngati makiyi onse akugwira ntchito.

Chimbale cha makwaya chija chinatuluka chaka chomwecho cha msonkhano wa ku Kapondo. Nyimbo yoyamba pa chimbalecho ndi "Munda Si Wanga," yopekedwa ndi Triza Enoki, ndipo makwaya a mbali zonse ziwiri za boda amaiimba pa mapemphero a zokolola, kuyambira ndi chitoliro.